Mlandu wa Mbuyo ya Zelifa

Padangokhala. Amene watopa kukhala aimirire, poti nkhani yake ndi ya oima yomwe.

Kunali dziko lina lotchedwa Musandipitirire. Musavutike kulifuna pamapu a kusukulu aja, chifukwa wojambula mapu atafika pamalire anauzidwa kuti adikire kaye, ndipo mpaka lero akudikirabe. Likulu lake linali Dikirani, mfumu yake inali Khalapompo, munthu wofatsa, wokonda tulo ta masana ndi ulemu. Ulemuwo ndiye ankaukonda kuposa nyama yonona. M'dziko limenelo wamng'ono sankadutsa wamkulu panjira, ngakhale wamkuluyo ataima n'kumazula minga kuphazi. Ndipo pochoka pamaso pa aliyense wa magazi achifumu, munthu sankatembenuka ayi. Ankachoka chafutambuyo, nkhope ili kwa mwini ulemu, poti kuonetsa mbuyo kunali kutukwana kopanda mawu.

Tsono chodabwitsa n'chakuti dziko lomwelo linali ndi mpikisano wa magalimoto. Mfumu inaona zimenezi kunja kumene inapita kukachiza bondo, itabwerako inati nafenso tikhale nazo, tisasekedwe. Analambula bwalo lalikulu lozungulira n'kulitcha Kufumbi, n'kukhazikitsa Bungwe Loona za Liwiro ndi Ulemu. Wapampando wake anali a Dyeratu, bambo amene chibadwire anali asanagwirepo chiwongolero, koma kukhala pampando ankakudziwa bwino, moti mpandowo unachita kukumbika m'kati molingana ndi mwini wake.

Wopambana chaka ndi chaka anali Ndatsogola, mwana wa mlongo wake wa mfumu, amene ankayembekezera kudzalowa ufumu. Galimoto yake inali yofiira psuu, yogula kunja, koma inalibe magalasi oonera kumbuyo. Bungwe linachita kuwachotsa ndi mwambo wonse, lati wodzalowa ufumu sayang'ana kumbuyo. Mnyamatayo ankayendetsa ngati wanyamula mazira a apongozi, ndipo madalaivala ena onse ankandondozana pambuyo pake, akuponda mabuleki mpaka kununkha. Kumsika wa Ndamvanso anthu sankati mpikisano, ankangoti chiperekezo.

M'gulu la operekezawo munali mayi wina dzina lake Zelifa Nangozo, wamfupi ngati mtondo, amene anaphunzira chiwongolero pa lole yotuta mchenga. Mwamuna wake, a Jekapu, anali makaniko wa pansi pa mtengo. Awiriwa anadzipangira galimoto yawoyawo, chitsulo ndi chitsulo, kwa zaka zambiri. Thupi lake linali la kapikapu kamene kale kankagulitsa buledi, injini anachotsa m'lole ya fodya imene inagwera m'mlatho, mpando unali wa kometera tsitsi. Chaka chimene anzawo ankafolera malata, iwo anagula matayala. Galimotoyo anaitcha Sindidikira, ndipo Zelifa akamawerenga ana ake ankamaliza ndi iyoyo, ati ndiye mzime.

Tsiku la mlandulo Zelifa sanadzuke ndi maganizo oipa. Anali wachiwiri pamzere wa chiperekezo monga mwa nthawi zonse. Koma atafika pamene pankakhala atsikana a ku Dikirani, Ndatsogola anachepetsanso liwiro lochepa kale lija, n'kutulutsa dzanja kuti awabayibitse. Sindidikira inayamba kutentha, madzi akubwata, injini ikulira ngati mwana amene amumana bere. Phazi la Zelifa linayabwa. Analikanda pachopondera moto, ndipo atati akweze maso, kutsogolo kunalibe munthu, kunali msewu wokhawokha, woyera, wokoma ngati madzi a m'mtsuko. Kumbuyo fumbi linali koboo.

Bwalo lonse linati zii. Mayi wina anayamba nthungululu, atazindikira kuti ali yekha anaisandutsa chifuwa. Ndatsogola anafika pambuyo pake atafiira ngati mbatata yokumba kumene. Chikho sanampatse Zelifa, poti dzina la wopambana linali litalembedwapo kale chimanga chisanache.

M'mawa mwake Bungwe linakhala pansi, amuna khumi ndi awiri. Anayamba ndi kudya, kuti mlandu usawapeze ali ndi njala. Kenako anafunafuna lamulo loletsa kupitirira, osalipeza, chifukwa amene ankalemba malamulowo sanaganizepo kuti kungabadwe munthu wotero. Thukuta litayamba kuwatuluka, a Dyeratu anamenya tebulo n'kunena kuti mlandu si kupitirira ayi, mlandu ndi mbuyo. Mayiyu waonetsa mbuyo kwa wodzalowa ufumu, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa mtundu wonse.

Apo panabuka mtsutso umene unatha theka la tsiku. Ena ankati mbuyo yake ndi ya galimoto, ena ankati ndi ya mwini wake poti anakhala momwemo. Nduna ina yokalamba inapempha kuti zonse ziwiri zibwere kutsogolo ziyezedwe, koma anzake anaikumbutsa kuti akazi ake ali pakhomo pomwepo akugulitsa mandasi. Pomaliza anagwirizana kuti mbuyo ndi ziwiri, milandunso ikhale iwiri.

Zelifa, atagwada pamkeka, anapempha kuti afunseko kamodzi kokha. Anati iye ndi wosaphunzira, ndiye amuthandize: pampikisano munthu angadutse bwanji mnzake osamuonetsa mbuyo?

"Funso limenelo," anatero a Dyeratu, "ndi mlandu wachitatu."

Chigamulo chinali chakuti Zelifa waimitsidwa miyezi isanu ndi inayi, mlandu uliwonse miyezi itatu. Sindidikira imangidwe ndi unyolo pabwalo la Bungwe. Mwini wake akalowe Sukulu ya Kubwerera, kumene madalaivala olakwa ankakasulidwa, ndipo akakhoza, Bungwe lidzaona ngati n'koyenera kumumasula.

Potuluka, chafutambuyo monga mwa mwambo, Zelifa anaona chinthu chimene chinamuwawa kuposa chigamulo. Akazi a a Dyeratu anali atazungulira Sindidikira, akuyeza kumbuyo kwake ndi mikono, n'kumafunsa mlonda kuti kodi mungalowe matumba angati a mbatata. Paja mayiwo anali ndi dimba lalikulu kutsidya, ndipo anali atatopa kusenzetsa anthu. Pamenepo Zelifa anadziwa kuti mlandu wake si mbuyo yake ayi, ndi mbuyo ya galimoto, ndipo akagona tulo mzime wake adzathera kudimba.

Madzulo wolengeza wa mfumu anaima pachulu cha pamsika wa Ndamvanso n'kukuwa kuti amve onse, Bungwe lamuimitsa Zelifa Nangozo miyezi isanu ndi inayi. Tsono inu mukudziwa kuti kwathu kuno mkazi akaima ndiye kuti zinthu zili m'njira. A Nasimango, mayi wogulitsa bonya amene pakamwa pake sipankatera ntchentche, anasiya kupima, n'kuyang'ana wolengezayo mwachifundo.

"Bungwe lonse, achimwene? Madoda khumi ndi awiri aja? Ndiye mwanayo adzafanana ndi uti?"

Msika unagwa nako kuseka. Wolengeza anayesa kulongosola kuti kuimitsa kwake ndi kwa m'malamulo, koma a Nasimango anati nawonso anaimitsidwa m'malamulo, ukwati wa kutchalitchi, ndipo miyezi yake inali yomweyo. Kuyambira tsiku limenelo Zelifa akamadutsa pamsika, amayi ankamupatsa mango osapsa ndi dothi la pachulu, n'kumufunsa ngati wayamba kugunda. A Jekapu nawo anthu sanawasiye. Iwo ankangopukuta manja pa ovolosi n'kuyankha kuti alibe mawu, bola Bungwelo lidzalere lokha.

Sukulu ya Kubwerera inali kuseri kwa maofesi a Bungwe, ndipo mphunzitsi wake anali Mayi Gwadani, amene maondo awo anali ndi zikang'a ngati za ngamila chifukwa cha zaka zambiri za utumiki. Anzake a Zelifa m'kalasimo anali awiri: wina analiza hutala kumbuyo kwa mbuzi ya mfumu, wina anayetsemula nyimbo ya fuko ili m'kati. Za galimoto sankaphunzira chilichonse. Ankaphunzira kugwada, kuomba m'manja mofukusa, ndi kuseka nthabwala ya wamkulu isanathe. Koma phunziro lalikulu linali chafutambuyo. Mayi Gwadani ankaika chipewa cha Ndatsogola pampando, ophunzira n'kumachoka pamaso pa chipewacho, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Sabata zoyamba Zelifa anagwera m'ngalande, anaponda bakha, anakhalira mbaula ya mlonda. Koma anali munthu woti chinthu akachigwira sachisiya. Mayi Gwadani anawapatsa tigalasi ta m'manja kuti aziona kumene akupita, kenako anawasenzetsa ndowa za madzi, kenako anawalanda tigalasi tija, ati ulemu weniweni uli ndi maso kunkhongo. Ndipo tsiku lililonse ankabwereza mawu amodzimodzi, oti wamkulu sumutopetsa ndi nkhope yako: uzichoka pamaso pake msanga, koma ukumuyang'ana. Pofika mwezi wachisanu Zelifa ankapita kumsika chafutambuyo, dengu lili pamutu, n'kumapitirira anthu oyenda bwinobwino. A Nasimango ankati zimenezo zimachitika, mimba iliyonse ili ndi nkhuli yake.

Akaweruka ankadzera pabwalo la Bungwe kukaona mzime wake. Matayala anali ataphwa, nkhuku za mlonda zinkaikira mazira pampando wa kometera uja. Zelifa ankapukuta fumbi paboneti ndi nsonga ya chitenje, n'kuinong'oneza kuti ipirire, amake akubwera. Tsiku lina anapeza kumbuyo kwake kuli thumba lopanda kanthu, loyeserera. Analipinda bwinobwino n'kukalipachika pachitseko cha a Dyeratu.

Miyezi itakwana, mpikisano wa chaka chimenecho uli pafupi, linafika tsiku lomumasula. Mfumu Khalapompo inabwera yokha kudzaonerera, n'kukhala pampando wa nsaru, ndipo nduna yoyamba isanamalize malonje inali itayamba kale kuwodzera. Mayi Gwadani anachitira umboni kuti chiyambire sanaonepo wophunzira wobwerera m'mbuyo ngati ameneyu. Kenako a Dyeratu ananena mawu opepesa, Zelifa n'kumabwereza pambuyo pawo ngati mwana wa sukulu ya mkaka: kuti iye ndi fumbi, kuti phazi lake linalakwa, kuti mbuyo yake ikuchita manyazi. Anabwereza zonse, osasiyako, mtima uli pa unyolo uja.

Atatha, a Dyeratu anakonza kukhosi n'kunena kuti Bungwe, mwa chifundo chake chosayezeka, lamumasula, koma pali timfundo tiwiri tochepa. Koyamba: akadzaonetsanso mbuyo kwa wodzalowa ufumu, yake kapena ya galimoto, Sindidikira idzakhala ya Bungwe mpaka kalekale. Kachiwiri: galimoto imene yaima miyezi yonseyi mwina yasanduka chiphapha choopsa kwa anthu, choncho iyenera kuonetsa kuti ikadali galimoto popambana mpikisano ukubwerawu. Ikalephera, Bungwe lidzaitenga kuti liteteze mtundu.

Nduna zinagwedeza mitu kuyamikira nzeru. Pawindo, akazi a a Dyeratu anamwetulira ngati munthu amene wamva fungo la ndiwo zake zikupsa. Zelifa anawerengera mumtima: akapambana yapita, akalephera yapita. Fisi anamufunsa mbuzi kuti isankhe yokha, kuyamba mutu kapena mchira.

Komabe anaomba m'manja mofukusa, mokweza pang'ono kuti mfumu idzidzimuke, n'kunena kuti mutu wake ndi wouma, ndiye abwereze pamaso pa Gogo Chalo kuti asadzaiwale.

"Mwati ndisamuonetse mbuyo?"

"Tatero," anayankha a Dyeratu.

"Ndiponso mwati ndipambane?"

"Tateronso."

Mfumu inatsegula diso limodzi, inati zikhale momwemo, n'kulitsekanso.

Zelifa ananyamuka kuti azituluka. Mtima unali wolemera, koma miyendo inali itazolowera, moti inangomutenga yokha chafutambuyo, liwiro lake ngati wakwera njinga, nkhope ili kwa mfumu. Anazemba mzati osauyang'ana, analumpha mwendo wa nduna, anapitirira mlonda amene ankathamangira kukatsegula chitseko. Mayi Gwadani anagwetsa msozi. Ndipo pakhomo penipenipo, atazindikira kuti wamusiya mlonda uja kumbuyo koma akumuonabe kumaso, Zelifa anaima chilili. Kenako anayamba kuseka yekha, mpaka anthu anati mayi uja zamuzungulira.

Anaikoka Sindidikira ndi ng'ombe mpaka kunyumba. A Jekapu atamva timfundo tija anakhala pa tayala n'kugwira tsaya. Anati njira ndi imodzi basi, athawire kudziko loyandikana nalo la Zakwanuzo, akayambirenso ndi kupopa njinga. Zelifa anawasiya amalize, kenako anawafunsa kuti kodi galimoto ili ndi magiya angati opita kutsogolo. Iwo anati anayi. Nanga obwerera? Anati imodzi, livesi, yoyenda ngati kamba.

"Nanga simungawasinthanitse, bambo a Tereza? Anayiwo azibwerera, imodziyo izipita kutsogolo?"

A Jekapu anati pakati pa matayala akumbuyo pali chimphika chachitsulo chimene amakaniko amati difu, ndipo ukatembenuza zam'kati mwake zimaterodi, koma zimenezo amachita ndi amakaniko oledzera, mwangozi, ndipo mwini galimoto amabwera ndi chikwanje. Zelifa anati ndiye lero achite dala, asanamwe. Bamboyo anayamba kumwetulira pang'onopang'ono ngati mtambo ukuyera, n'kuitanitsa sipanala.

Chotsala chinali maso. Zelifa analowa m'nyumba n'kuzula galasi lalikulu la pakabati, mphatso ya paukwati wawo, n'kulimangirira ndi mawaya pamwamba pa chiwongolero. Ankakayeserera kudambo louma kuseri kwa mudzi. Tsiku loyamba anagumula chulu, lachiwiri anatenga bafa ya a neba n'kuisiya kutsidya, mwamwayi munalibe munthu. Vuto linali lakuti chafutambuyo ukapinda kumanja, mbuyo imakhota mwa nzeru zake, ndipo liwiro likachuluka galimoto imavina ngati yamva ng'oma. Koma nkhongo imene inasenza ndowa miyezi isanu ndi inayi siinachedwe kumvana ndi chiwongolero.

Tsiku la mpikisano ku Kufumbi kunalibe poponda. Mbiri ya timfundo tiwiri inali itafika paliponse, ndipo anthu anabwera kudzaona mmene galimoto imalandidwira mwaulemu. Akazi a a Dyeratu anafika ndi matumba awo opindapinda kukhwapa. Magalimoto anandanda, yofiira ija patsogolo monga mwa mwambo, ndipo Sindidikira, poti inali yongomasulidwa kumene, anaiika kumapeto kwenikweni. Itafika pamalo pake inaima mphuno italoza kumene ena achokera.

Anthu anayamba kunong'onezana kuti mayi uja wagonja, akubwerera kwawo. A Dyeratu anatuma mlonda kuti akatenge unyolo. Koma a Nasimango, amene anabwera ndi lichero lawo la bonya, anasuzumira bwinobwino n'kuuza oyandikana nawo kuti akhale pansi.

"Mwana wa Bungwe uja wabadwa," anatero, "koma watsogoza matako."

Mbendera itagwa, magalimoto onse ananyamuka mwaulemu. Sindidikira inabangula, n'kuuluka chafutambuyo. Dalaivala woyamba kupitiriridwa anangoona chinthu chadutsa, kenako nkhope ya Zelifa ili patsogolo pake ikumupatsa moni. Wachiwiri anavula chipewa mosadziwa. Wachitatu anaganiza kuti iyeyo ndi amene wasochera, anatembenuza galimoto yake n'kubwerera kunyumba. Posakhalitsa Sindidikira inali pambali pa yofiira ija, ndipo mpweya umodzi wokha inali patsogolo pake, mphuno kuyang'anizana ndi mphuno.

Ndatsogola anali asanaonepo nkhope ya munthu pampikisano. Anatong'ola maso. Zelifa anaweramitsa mutu, anagunda pachifuwa ndi dzanja limodzi, anathimitsa nyali n'kuziyatsanso ngati mkamwini akuphethira pamaso pa apongozi, kenako anaponya giya yachitatu n'kuyamba kuchoka pamaso pa wamkulu msanga, akumuyang'ana. Fumbi lokha ndi limene silinapite kusukulu, linamukuta mnyamatayo monga chaka chatha.

Apo chinachitika chinthu chimene Bungwe silinakonzekere. Ndatsogola anapsa mtima, n'kuponda moto mpaka pansi, koyamba chibadwire. Galimoto yofiira ija, imene zaka zonsezi inkayenda ngati ikupita kumaliro, inakumbukira kuti inagulidwa kunja. Inalumpha n'kuyamba kumuthamangitsa Zelifa, mphuno yake ikununkhiza mphuno ya Sindidikira. Anthu anaimirira. Chikhalire cha dziko la Musandipitirire unali usanaonekepo mpikisano, ndipo ambiri sankadziwa kuti munthu amatani akauona. Ena anayamba kulira, ena anakumbatira adani awo. Mfumu inatsegula maso onse awiri.

Zelifa tsopano thukuta linali kamukamu. Mnyamata uja ankabwera ngati njati, ndipo iye sakanatha kumutsekera bwino, poti maso anali pagalasi la kabati. Atatsala pang'ono kufika pokhota pomaliza, mwala unadumpha, galasi lija n'kungoti phwaa, mphatso ya ukwati yonse pamiyendo. Kumbuyo kumene ankapita sankakuonanso. Akatembenuza mutu kuti ayang'ane, nkhongo ikhala kwa wodzalowa ufumu, ndipo nkhongo ndi mbale wake wa mbuyo, a Dyeratu sangaisiye. Mtima unamuuza kuti aponde buleki. Koma anakumbukira tsiku limene Mayi Gwadani anawalanda tigalasi. Anayang'anitsitsa m'maso mwa Ndatsogola, n'kuona manja ake akuyamba kupinda chiwongolero, anamva phokoso la anthu likusunthira kukhutu la kumanzere, ndipo nkhongo yake inamuuza kuti ndi pano. Anapinda. Sindidikira inavina, inapendekeka, inaganiza zogona, kenako inasintha maganizo n'kuwongoka. Inadutsa pamzere matako ali patsogolo, yofiira ikuinyambita mphuno.

Nthungululu ya tsiku limenelo palibe anaisandutsa chifuwa.

A Dyeratu anathamangira kwa mfumu, mimba ikutsogola, n'kugwada. Anati Gogo Chalo asanyengedwe. N'zoona kuti atadutsa anaonetsa nkhope, koma asanadutse, ali kumbuyo kwa wodzalowa ufumu, mbuyo ya galimoto inaloza kwa yani? Mlandu ulipo, ndipo galimoto ndi ya Bungwe. Mlonda anali atafika kale ndi unyolo, ndipo Zelifa anagwada pambali pa mzime wake.

Mfumu inakanda chibwano. Inati kuonetsa ndi kuonetsa pakakhala woona, n'kuitana mwana wa mlongo wake. Ndatsogola anabwera ali mbuu, koma mano onse ali pamtunda, akupumira m'mwamba ngati mwana amene wakwera katungwe koyamba.

"Mphwanga, mbuyo ya mayiyu unaiona?"

"Ndikanaionera pati, atsibweni? Magalasi anachotsa."

"Anachotsa ndani?"

Mnyamatayo analoza a Dyeratu. Kenako anawonjeza kuti akufuna amubwezere magalasiwo, ndipo chaka chamawa aliyense amene adzaponde buleki kumbuyo kwake adzaone zakuda, chifukwa lero ndi pamene wadziwa kuti galimoto yake ili ndi giya yachinayi.

Mfumu inaimirira, chinthu chimene ana obadwa chaka cha dzombe anali asanachionepo. Inati yalamulira zaka zambiri, yalandira ulemu wa mitundumitundu, wogwada, wokwawa, wogubuduka, koma ulemu wothamanga chonchi inali isanauonepo. Mayiyu wasunga mfundo zonse ziwiri, galimoto ndi yake, unyolo ubwerere kumene wachokera. Ndipo poti chinthu chabwino sichisiyidwa kwa munthu mmodzi, inalamula kuti kuyambira tsiku limenelo aliyense wofuna kupita patsogolo m'dziko la Musandipitirire azitero chafutambuyo, ndipo Bungwe Loona za Liwiro ndi Ulemu liyambe ndilo kupereka chitsanzo, likalowe Sukulu ya Kubwerera miyezi isanu ndi inayi. Mayi Gwadani anayang'ana maondo osalala a nduna zija n'kunyambita milomo.

Chikho anabwera nacho mwamanyazi, chifukwa chaka chimenechonso anali atalemberatu. Wonyamula anayamba kupepesa kuti akachipala kaye. Zelifa anachitembenuza, n'kupempha a Jekapu kuti amuwerengere. Iwo anawerenga kuti palembedwa Ndatsogola.

"Ndiye mupaliranji?" anatero Zelifa. "Chikunena zoona. Ndatsogola."

Madzulo wolengeza anakweranso pachulu cha pamsika wa Ndamvanso. Anayamba ndi kunena kuti amve onse, mfumu yaimitsa Bungwe miyezi isanu ndi inayi, koma sanathe kupitiriza mpaka amayi atapukuta misozi ndi kumangitsa zitenje. Kenako analengeza lamulo latsopano la chafutambuyo, n'kufunsa ngati alipo amene sanamvetse. A Nasimango anati amva bwino, ndipo asavutike kutsegula sukulu zina.

"Ife kubwerera m'mbuyo tinayamba kale, achimwene. Chatsopano n'chakuti tsopano kuli chikho."

Nthawi yomweyo Sindidikira inadutsa pamsikapo ikupita kwawo, matako patsogolo, chikho atachimangirira pamphuno, a Jekapu atakhala kumbuyo kumene tsopano kunali kutsogolo, akukuwira akazi awo kuti kumanja, kumanzere, samalani tomato. Pambuyo pake patali pankabwera a Dyeratu wapansi, chafutambuyo, akuwombana ndi mabenchi, akazi awo akuwatsogolera ndi matumba aja kukhwapa.

Yathera pamenepo. Amene anavwika mbatata paphulusa akaphule isanapserere. Ya a Dyeratu yokha musaidikire, ikubwerabe ndi pamutu.